Mzime Anati “Inu”

Ine sindinapondeko m'kalasi. Sewero likatha, mayina n'kuyamba kukwera pa kanema, kwa ine zimangokhala ngati nyerere zadutsa pakhoma. Mdzukulu wanga ndiye amadzuka pa sofa kukagunda galasi ndi chala, ati agogo onani, dzina lake ndi ili. Amanena dzina la mnyamata amene akufuna kumukwatira, yemwe amalemba sewerolo. Malume ake a mwanayu amamutchula kuti Bambo Cholembera, monyoza. Ine ndimangoti Mlembi.

Mtsikanayu ndinamulera ndekha. Bambo ake anachoka iye akuphunzira kuyenda, ndipo mayi ake, mwana wanga wamkazi, anafota pang'onopang'ono mpaka tinamuika m'manda. Panopa tikukhala kwa mwana wanga wamwamuna, malume akewo, pamodzi ndi akazi awo. Abale a Mlembi anali atatumiza mawu akuti abwera kudzaonekera, ndipo mpongozi wanga anali atayamba kale kutsitsa makatani kuti achape. Ine ndinali ndisanavomere, ndisanakanenso. Ndinkangoyang'ana. Munthu amene ntchito yake ndi kupeka mawu oti anthu alire, mawu ake enieni umawazindikira bwanji?

Sewerolo limaonetsedwa Lamlungu masana, tikangobwera kutchalitchi. Ndi nkhani ya mayi wamasiye wa sitolo ya zitsulo ndi ana ake aamuna olimbirana sitoloyo. Mzime wawo, womaliza kubadwa uja, ali pachibwenzi ndi telala wina wosauka amene banja lonse silikumufuna. Msewu wathu wonse umadziwa kuti telalayo ndi mdzukulu wanga. Kuseka atatseka pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, kunena kuti “ndamva” pamene wakwiya, kuvula nsapato imodzi akakhala pampando, zonsezo Mlembi anazitola m'nyumba muno. Koma amene amasewera ngati telalayo ndi mtsikana wina wamtali, wa ndolo zofika m'mapewa. Ife timamuti Wandolo.

Lamlungu limenelo mzime analowa m'shopu ya telala n'kuima pafupi ndi makina. Chiyambire sewerolo ankamuitana kuti iwe. Iwe bwera kuno, iwe usandivute, iwe ndiwe wanga. Koma tsikulo anati, “Inu mwatopa. Mupume.”

Ndinauza mpongozi wanga kuti akweze mawu. Mzime anabwerezanso inu yemweyo, maso ali kuchitseko.

Sewero litatha m'nyumba munabuka mkangano. Mwana wanga anati ndi zomwe wakhala akunena, kuti mnyamatayu kulemba sadziwa. Munthu sangagone ali wa iwe n'kudzuka ali wa inu popanda chochitika pakati, ameneyo wangoiwala zomwe analemba sabata yatha. Anawonjeza kuti mayi wa sitolo uja amalankhula ngati nyuzipepala, ndipo ana ake amakangana modikirirana ngati akuwerenga mavesi mosinthana. Mpongozi wanga anati ayi bambo, kumeneko ndi kukula, mzime wayamba kumuona telala ngati mkazi wa pakhomo. Mdzukulu wanga ankangoseka, ati taonani anthu akuluakulu kutuluka thukuta chifukwa cha anthu oti kulibe.

Ine ndinadzuka n'kulowa kuchipinda, inu uja akundilirabe m'khutu.

* * *

M'mawa mwake ndinamupeza mdzukulu wanga kuseri akuyanika zovala. Ndinagwira mbali imodzi ya nsalu ya pabedi kuti tifinye, ndipo m'kufinyamo ndinamuuza kuti inu alipo wa mitundumitundu. Alipo inu wa ulemu, amene timapatsa akulu ndi alendo. Alipo inu wa m'banja, amene amabwera yekha ana akabadwa, wofunda ngati bulangeti lakale. Ndiye alipo inu wina, wa munthu amene wamanga kale katundu mumtima. Ameneyo amakupatsa ulemu monga mmene munthu amatsekera chitseko pang'onopang'ono kuti ogona asadzuke.

“Bambo ako ankati iwe kwa mayi ako ngakhale iweyo utabadwa,” ndinatero. “Mwezi woti achoka anayamba inu. Inu mwadya? Inu musadandaule. Mayi ako anabwera kwa ine akusangalala, ati amayi, mwamuna wanga wayamba kundilemekeza.”

Anasiya kufinya. Madzi ankamudonthera kumapazi koma sanasunthe. Anandifunsa ngati ndimadziwa kusiyana kwa munthu ndi chithunzi. Ndinati ndimadziwa, koma chithunzi sichidzilankhulira chokha, pali wina amachiika mawu m'kamwa, ndipo palibe amene amatunga m'chitsime madzi oti mulibemo. Ngati mzime wayamba kuyang'ana kuchitseko, wolemba wake akudziwa komwe kuli chitseko.

Anati ndamva, n'kutembenukira kuchingwe.

Tsiku lonselo foni yake inali kukhutu, kumvera mauthenga a mawu amene Mlembi amamutumizira. Ndinaona kuti uthenga wina ankaubwerezabwereza, nkhope ili gwa, ngati munthu wosankha timiyala mu mpunga. Ndinadziwa chomwe ankafufuza. Sindinakondwe ayi. Koma ndi bwino mwana alire lero uli naye pafupi kusiyana n'kuti adzalire iwe uli kumanda.

* * *

Mlembi anabwera mkati mwa sabata, dzuwa likadali pamwamba, atanyamula malalanje. Ndi mnyamata wowonda, wofatsa, amakhala kumapeto kwa mpando ngati akuopa kuuvulaza. Kufatsa koteroko ine sikundigoneka tulo. Madzi odikha ndi amene amamiza anthu. Ndinatuma mdzukulu wanga kukaphika tiyi, kenako ndinamufunsa mnyamatayo chifukwa chimene mzime wayambira kunena inu.

Nkhope yake inawala. Anati kuntchito kwawo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona, agogo ndinu woonera weniweni. Anafotokoza kuti poyamba mzime ankayenda ndi telala pongofuna kupweteketsa mtima amayi ake, ndiye iwe ankamukwanira. Koma tsopano wayamba kuopa. Waona kuti mtsikanayo akhoza kumuchoka, ndipo munthu akaopa kugwetsa chinthu amachigwira ndi manja awiri. Inu ameneyo, anatero, ndi manja awiri.

Ndinamufunsa za maso aja, bwanji anali kuchitseko. Anaseka mpaka kugwira bondo. Anati mnyamata wosewera ngati mzime saloweza mawu, ndiye amamulembera pa chikatoni n'kupachika pachitseko kuti aziwerenga.

Mayankho ake anali osalala ngati sopo wonyowa, ukati ugwire akuterereka. Ndinamufunsa kuti mantha amenewo anamuphunzitsa ndani, popeza munthu salemba njala asanagonepo ndi njala. Anayang'ana kukhitchini komwe makapu ankagundana, n'kutsitsa mawu.

“Bambo anga amati inu kwa amayi anga, ndipo akalamba limodzi. Ndikuyeserera, agogo.”

Ndikanakhala munthu wina ndikanasungunuka. Koma pomwepo mwana wanga analowa kuchokera kuntchito, osavula ndi jekete lomwe, n'kuyamba mlandu wake. Anafunsa chifukwa chake mayi wa sitolo, amene ankakonda mwana woyamba ngati diso lake, mwadzidzidzi wamuthamangitsa. Anafunsa komwe kunapita mlamu uja anaba makiyi, amene anangosowa osafa, osamangidwa, osatsazika. Mlembi anayesa kunena za eni kanema amene amasintha zinthu, za osewera amene amasiya ntchito pakati, koma malume sanamulole kumaliza.

“Anthu ako alibe chifukwa, Bambo Cholembera. Amangochita zomwe iwe wafuna Lamlungu limenelo. Munthu wozolowera kusuntha anthu popanda chifukwa, mkazinso adzamusiya popanda chifukwa.”

Mdzukulu wanga anali ataima pakhomo ndi thireyi. Mlembi anatipempha mwaulemu kuti Loweruka tipite tikaone komwe amajambulira, mwina tikaona ndi maso mitima idzakhala pansi. Atachoka ndinamuuza mtsikanayo kuti asapite. Ukafuna kudya bwino kwa eni sulowa kukhitchini kwawo. Anati apita ndithu, ndiye ndinafunafuna nsapato zanga zofewa, chifukwa yekha sindikanamulola.

* * *

Malowo anali nyumba wamba ya geti lakuda. Sitolo ya zitsulo ija inali galaja, zitini zake za penti zopanda kanthu, ukazigunda zimalira ngati ng'oma. Makina a telala analibe singano. Mayi wamasiye uja ndinamupeza atakhala pa ndowa akudya nthochi, akuseka ndi mwana yemwe anamutemberera Lamlungu. Pachitseko panalidi chikatoni cholembedwa zilembo zikuluzikulu. Zomwe chinkanena sindikudziwa, koma chinalipo, ndipo mtima wanga unatsikako pang'ono.

Kenako kunatuluka Wandolo. Anavala zovala za telala wosauka, koma fungo lake la mafuta linafika kwa ife iye asanafike. Anatidutsa ngati mipando, kupita kwa Mlembi, n'kumuchotsa kaulusi pa kolala ya malaya.

“Iwe, sunadye. Ndikukudziwa.”

“Iwe usandivute, ndili ndi alendo,” anayankha Mlembi, osachotsa dzanja lija pakhosi pake.

Apo ndi pomwe Wandolo anatiwona. Anandipatsa moni wautali, wogwira chigongono, wofunsa miyendo ndi msana womwe. Atatembenukira kwa mdzukulu wanga anamuyang'ana kuyambira tsitsi mpaka nsapato, ati kani ndinu amene ndimakutengerani, ndakondwa kuona mwini wake. Anamupempha kuti asekeko pang'ono, aone bwino mmene amaikira dzanja pakamwa, chifukwa anthu ena amati iye amakokomeza. Anyamata a makamera anaseka. Mdzukulu wanga sanaseke. Manja ake anawabisa kumbuyo.

Patapita nthawi miyendo inandiwawa, ndiye ndinakhala pampando kuseri kwa khoma lina la matabwa opyapyala. Anthu amaiwala kuti nkhalamba ikatseka maso makutu amakhala otsekula. Mbali inayo ndinamva Wandolo akumulankhula mdzukulu wanga motsitsa mawu, mokoma ngati akumuuza za mafuta a tsitsi.

“Ndamva kuti agogo anu avutika ndi inu uja. Inenso ndinamufunsa. Anati sangapirire kumva mwamuna wina akunditchula iwe, iyeyo ataima pomwepo kuseri kwa kamera. Amuna ansanje amasintha ngakhale sewero, mchemwali.”

Ndinangoona mdzukulu wanga atulukira, kundigwira mkono, kundidzutsa. Mlembi anatithamangira mpaka pageti akufunsa chomwe chalakwika, koma anamuitana m'kati kuti kuwala kukutha. Anaima pakati, phazi lina kunja, lina m'kati, kenako anabwerera. M'basi mtsikanayo anayang'ana pazenera njira yonse. Ndinafuna kunena kuti ndinakuuza, koma ndinaluma lilime.

* * *

Masiku otsatirawo foni inakhala chafufumimba pa tebulo, ikunjenjemera yokha ngati kachilombo kogwa chagada. Mpongozi wanga anamva nkhaniyo kwa ine, mwamuna wake anaimva kwa iye, ndipo mwana wanga analumbira kuti atumiza mawu kwa abale a Bambo Cholembera kuti asataye nthawi yawo. Makatani amene anali atachapidwa anabwezedwa pamodzi ndi osachapa, zenera lina loyera, lina lofiirira.

Tsiku lina masana Mlembi anabwera n'kuima pageti, osalowa. Mdzukulu wanga anatuluka atapinda manja pachifuwa. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndipo sindichita nazo manyazi. Atauzidwa zomwe Wandolo ananena kuseri kwa khoma kuja, mnyamatayo analumbira kuti wanama. Anati anaphunzira limodzi kuyambira ali achichepere, n'chifukwa chake amatchulana iwe, ndipo mtsikanayo ali ndi chizolowezi chofuna chilichonse chomwe chili m'manja mwa mnzake. Mdzukulu wanga anamufunsa chifukwa chake sanachotse dzanja lija pa kolala. Anati sanalione n'komwe. Anamufunsa chifukwa chake anabwerera m'kati. Anati anthu ambiri ankamudikira. Yankho lililonse linali nalo khomo lake lotulukira.

Mdzukulu wanga anamuuza kuti asankhe, iyeyo kapena Wandolo. Mlembi anati sewero lonse laima pa telala, anthu amatsegula kanema chifukwa cha iyeyo, ukamuchotsa nyumba igwa.

“Nanga ine ndaima pa chiyani?” anafunsa mdzukulu wanga.

Mnyamatayo anakanda dzimbiri la geti ndi chikhadabo. Kenako anati amupatse nthawi pang'ono, abale ake asanabwere telala adzakhala atachoka m'sewero, ndipo Wandolo sadzakhalanso ndi chifukwa chomuyandikira.

Mdzukulu wanga atalowa m'nyumba ndinamuuza kuti walakwa. Mwamuna akataya khasu lake chifukwa cha iwe, njala ikadzabwera adzalifunsa kwa iwe. Ndinamuuzanso kuti munthu sapempha mnzake kuti awononge chinthu pofuna kuonetsa chikondi, chifukwa dzanja likazolowera kuwononga silisankha. Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo.

“Akamusunga mukuopa, akamuchotsa mukuopa. Mukufuna chiyani, agogo? Ndikalambire pa sofa apa ndikukukwezerani mawu a kanema?”

Ndinkangofuna asafote ngati mayi ake. Koma zimenezo ukazinena kawirikawiri zimasanduka phokoso, ngati la firiji, lomwe am'nyumba salimvanso.

* * *

Masabata anadutsa. Foni inatembenuzidwanso, kuseka kunabwerera kuchipinda, ndipo mwana wanga, ataumirizidwa ndi mkazi wake, sanatumize mawu aja. Lamlungu lomaliza alendo asanabwere, m'nyumba munadzaza. Mphekesera inali itamveka kuti m'sewero muchitika chachikulu, ndiye mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabwera ndi ana ake aakazi, ena kukhala pansi, ena pa mikono ya sofa.

Telala anatuluka m'shopu atanyamula mtolo wa zovala zosoka. Sanadwale, sanalote, sanatsazike munthu. Anangoponda msewu, lole n'kutulukira pakona. Tinamva mabuleki, tinaona zovala zikuuluka. Kenako nyimbo ya maliro, ndipo telala ali m'bokosi, mzime atagwada pambali akulira.

Kamera inayandikira pang'onopang'ono, kuchoka kumapazi kukwera kumanja opingasa pachifuwa. Diresi lake linali lobiriwira, la timaluwa toyera. Pakhosi panali batani limodzi losiyana ndi anzake, lakuda pakati pa oyera. Batanilo ndinalisoka ndine, ndi manja anga awa, nditalichotsa pa malaya akale a mwana wanga. Linali diresi la mdzukulu wanga, lomwe amavala kutchalitchi.



Mwana wanga anamenya ntchafu, ati mwaona, ndi zomwe ndimanena, wolemba waulesi akasowa kolowera amaitana lole. Anafunsa kuti loleyo yachokera kuti, m'msewu umene chiyambire sewero simunadutsepo ngakhale njinga. Mpongozi wanga ankalira poyera, akupukuta mphuno ndi ngodya ya nsalu, ati koma mwana wa eni wafa asanalawe ukwati. Mayi woyandikana nafe anatembenukira kwa mdzukulu wanga n'kumugwira dzanja mwachipongwe, ati pepani ndi zovutazi, mwambo uli liti. Ana ake anaseka.

Mdzukulu wanga nkhope inali ikuwala ngati ya munthu amene wapambana mlandu. Anadzagwada pafupi ndi mpando wanga n'kundinong'oneza kuti, “Wandisankha, agogo.”

Ndinadikira alendo atuluke, kenako ndinamufunsa za diresi. Anati Mlembi anabwereka. Anamuuza kuti popeza telala anayambira mwa iye, athere m'diresi lake, chikhale chizindikiro cha awiriwo chokha chomwe anthu ena sadzachidziwa. Anazinena mokoma, ngati akundionetsa mphete.

Ndinamuuza kuti munthu wamoyo chovala chake sichiyesedwa m'bokosi. Ndinamuuza kuti mnyamatayo wamugoneka chagada, wamupingasa manja, waitana dziko lonse kuti limulire iye akupuma, ndipo zinthu zoterezi zimamva, zimabwera zikaitanidwa. Ndinaika mayi ake m'manda, sindikufuna kuyeserera maliro achiwiri. Kaya ndi chikondi, kaya ndi ulesi wa kulemba monga anenera malume ake, munthu amene mtima wake sunanjenjemere pomanga batani limenelo pa mtembo sindimupatsa mwana. Ndinati abale ake asaponde pano.

Mwana wanga anati mawu omaliza ndi a amayi, iye atsatira. Mpongozi wanga anayang'ana pansi. Mdzukulu wanga anadzuka pomwe anagwada, kusasa mawondo, n'kulankhula mofatsa kwambiri moti ndinalakalaka akanakuwa.

“Mukawabweza pageti, ine ndibwerera nawo. Ndipo kuyambira lero musandichenjezenso, agogo. Mwandichenjeza za moto, za misewu, za anzanga, za amuna, za mawu a pa kanema. Khutu limenelo latha.”

Sindinabwereze mawu anga. Mwana wanga anandiyang'ana kudikira, ine ndinangoyang'ana kanema wozimitsa. M'mawa mwake mpongozi wanga anatsitsanso makatani.

* * *

Tsiku loti mawa alendo abwera, mwana wanga anapita kukabwereka mipando, mkazi wake kumsika. Mdzukulu wanga anali pabalaza akusita nsalu za patebulo, akuimba. Chiyambire Lamlungu ankandipatsa tiyi, kundifunsa za miyendo, kundiyalira pabedi, koma maso ake sankaima pa ine. Wina anagogoda pageti, ndipo popeza manja ake anali pa simbi, ndinapita ndine.

Anali Wandolo. Ndolo analibe, nkhope sanapake kanthu, anavala malaya wamba ngati mwana wa munthu. M'manja munali jumbo. Anandipatsa moni wake wautali uja n'kundipatsira jumboyo ndi manja awiri, ati wabweza chovala cha eni, wachapa ndiponso wasita, ndimuthokozere mwini wake chifukwa chinamukwana ngati chake. Ndinasuzumira m'kati. Timaluwa toyera tija. Ndinamuuza kuti wafikitsa, azipita.

Sanachoke. Anandifunsa ngati kunyumba kuno tinakambirana za imfa ya telala monga tinakambirana za inu uja, ndiponso ngati tinapeza chifukwa chake. Ndinati chifukwa chake tikuchidziwa, ndipo iye sichimukhudza. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati namwino wobweretsa uthenga woipa.

“Telala ndinapempha ndine kuti afe, agogo. Kuli kampani ina ya kanema kumzinda wakutali, yatenga ine ndi wolemba wanga. Tinagwirizana kale, musanabwere n'komwe kudzationa kuja. Tikunyamuka mwezi wamawa. Sanakuuzeni?”

Ndinamuyang'ana m'maso kufuna bodza. Koma awa ndi maso amene amalira Lamlungu lililonse misozi yeniyeni pa zinthu zoti kulibe, maso amene anagona m'bokosi osaphethira. Muli choona, muli bodza, sindikanatha kusiyanitsa. Ngati akunama, ndikanena ndiphwanya ukwati wa mwana ndi manja anga. Ngati akunena zoona, ndikakhala chete mawa ndipereka mwana kwa munthu amene katundu wake ali kale pakhomo. Ndipo ngakhale nditanena, andimvera ndani? Moyo wanga wonse ndakhala ndikuchenjeza, ndipo tsiku limene chenjezo lafunika ndapezeka nditalimaliza.

Nyimbo ija inaima m'nyumba.

“Agogo, ndani pageti?”

Ndinabisa jumbo kumbuyo. Ndinayankha kuti palibe mwanawe, ndi munthu wasochera nyumba. Simbi inalira pa nsalu yonyowa, nyimbo inayambiranso.

Wandolo anandiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundo chimenecho chinandiopsa kuposa mawu ake onse. Anakonza lamba wa chikwama paphewa.

“Musavutike, agogo. Mukalephera ndimuuza ndekha mawa. Amayi ake a mnyamatayo ndine ndikuwabweretsa pa galimoto.”

Anawoloka msewu osayang'ana mbali iliyonse. Ine ndinatsala pageti, diresi la mdzukulu wanga lili kumbuyo kwanga, ndikusowa poliika.